Voti Yomwe Idandisowetsa Tulo

Mu 1994 ndidakangana ndi malume anga pa Karonga boma. Ine ndimafuna Chakufwa Chihana, wakwathu kumpoto, amene adalowa ndende polimbana ndi Kamuzu.

"Mphwanga," adatero malumewo, "Chihana sangawine. Mukagawana mavoti ndi Muluzi, Kamuzu adutsa pakati."

Sindidamve. Pa 17 May ndidavotera Chihana, kenaka n'kumagona wayilesi ili pakhutu, mtima uli m'mwamba. Muluzi adapambana, koma mavoti ake sadafike theka.

Mu 2020 khoti lidagamula kuti mtsogoleri wa dziko azipeza mavoti oposa theka. Akapanda kutero, tivotenso. Malume adatisiya asadazione. Lero ndikakumbukira, ndimaona kuti chidatiyambanitsa chidali lamulo lija, lomwe limatipatsa mpata umodzi wokha.