Handulo Ikamanjenjemera

Wakabaza akafika pagalaja panga n'kunena kuti handulo ikunjenjemera, sindithamangira sipanala. Ndimayamba ndamufunsa. Ikutero mutaima injini ikulira, kapena mukathamanga? Nanga mukagwira buleki? Muli nokha kapena mutanyamula? Ambiri amaona ngati ndikuwachedwetsa, poti anzawo akutola makasitomala pasiteji, koma mayankho awowo ndi amene amandilozera pogwira. Handulo payokha siidwala kawirikawiri. Imangofikitsa m'manja mwa woyendetsa vuto limene lili kwina.

Njinga zambiri zimene timakonza kuno ku Lilongwe, kaya Boxer, Lifan kapena King Lion, ndi za silinda imodzi, zapakati pa 100cc ndi 150cc. Injini yotere imagunda ndithu, ndiye kunjenjemera pang'ono sikulephera. Koma manja akayamba kuchita dzanzi, magalasi osaonetsanso za kumbuyo, pamenepo pali nkhani.

Ndimakwera ndekha njingayo. Ndikafika pa liwiro limene mwini wake akudandaula nalo, ndimagwira kilatchi n'kubweza moto. Njinga imapitabe, koma injini yatsika. Kunjenjemera kukatha, mlandu ndi wa injini. Kukapitirira, ndimayang'ana matayala, tcheni ndi pakhosi pa njinga.

Ku injini nthawi zambiri sikuvuta. Mabawuti amene amagwira injini ku felemu amamasuka ndi mabampu a m'misewu ya fumbi, monga ya ku Mtandire kapena Chinsapo. Ena ndimapeza bawuti inathothoka kalekale, pamalo pake anapisapo waya. Ndikamanga, ndimaunikanso felemu pafupi ndi mabawutiwo, chifukwa injini imene yakhala ikugwedera miyezi imasiya mng'alu.

Tcheni nacho anthu amachimanga mopitiriza, poopa kuti chivuka. Amaiwala kuti pamene akumangapo panjinga palibe munthu; akakwerapo awiri, mashoko n'kutsika, tcheni chija chimakokeka gwa. Chimayenera kusewera masentimita 2 kapena 3 pakatikati, ndipo poyeza muzizunguza tayala mpaka mupeze pamene chalimba kwambiri, popeza tcheni chakutha sichitha mofanana. Mano a sipuloketi akasongoka, sinthani zonse pamodzi. Tcheni chatsopano pa sipuloketi yakutha n'kutaya ndalama.

Ntchito imene ndimaikonda ndi ya tayala lakutsogolo. Ndimaimika njinga pa sitandi yayikulu, mnyamata wanga n'kutsamira kumbuyo kuti tayala liyandame. Ndimagwirizitsa choko ku foloko, nsonga yake pafupi ndi limu, n'kuzunguza tayalalo. Pamene limu yapindika, choko chimalemba. Kenako ndimadutsitsa sipanala pamasipoko limodzilimodzi, khutu lili tcheru. Lolimba limalira kuti ngwee, lomasuka limangoti phu. Kuwongola limu kumafuna mtima wofatsa: kupotokola pang'ono sipoko la mbali iyi, kumasula pang'ono la mbali inayo, kuzunguza, kuyang'ananso. Wophunzira ntchito amafuna athane nazo pa sipoko limodzi, mapeto ake limu imene inkapita uku ndi uku imayambanso kudumpha.

Nthawi zina limu ili bwinobwino, vuto ndi tayala. M'mbali mwa tayala, pafupi ndi limu, mumakhala kamzere kozungulira. Kamzereko kazioneka mofanana kuzungulira konse. Kakalowa m'kati mbali imodzi, ndiye kuti amene anamata chubu anapopa tayala lisanakhale bwino. Timaphwetsa, kupaka madzi a sopo m'mphepete, n'kupopanso. Palinso chija amachita anthu tayala likang'ambika, kudula chigamba cha tayala lakale n'kuchipisa m'kati. Ndimamvetsa, tayala latsopano ndi ndalama zambiri. Koma chigambacho chimalemetsa mbali imodzi, ndipo pa liwiro handulo imavina. Kutsogolo ine sindilola chigamba chotero. Mpweyanso muziyeza ndi geji, chala chimanama.

Kunjenjemera kukamabwera pogwira buleki pokha, kumangogunda m'manja molingana ndi kuzungulira kwa tayala, ndiye kuti dilamu sinalinso yozungulira bwino, kapena disiki yapindika.

Pakhosi ndi pamene timakangana ndi akabaza. "Madala, ingomangani nati iyi ndizipita," amatero. Zoonadi, nati ya pakhosi ikamangidwa kwambiri, handulo imakhala phee kwa masiku angapo. Koma mabolo a m'kati amakanikizika n'kukumba timaenje m'makapu mwake. Kuti wakabaza aone yekha, ndimayandamitsa tayala n'kumuuza kuti, "Mphwanga, tembenuza handuloyi pang'onopang'ono." Ikafika pakati amamva ikukodwa, kenako n'kudumpha. Njinga yotero siigwira mzere pamsewu, imangoyenda mokhotakhota, woyendetsa n'kumalimbana nayo. Pakakhala pomasuka, ukagwira mafoloko m'munsi n'kukankha kutsogolo ndi kumbuyo umamva kuti kho kho. Pomasuka timamanga mpaka kugwederako kuthe, handulo n'kumagwabe yokha mbali zonse. Pokumbika palibe kuchitira mwina: mabolo ndi makapu atsopano, girizi wokwanira. Nyengo ya mvula ntchito imeneyi imachuluka, makamaka kwa amene amatsukira njinga kumtsinje, madzi n'kulowa pakhosi.

Ndiye pali njinga zina zimene ndimaziyang'ana paliponse osapeza kanthu. Ndikafunsitsa, ndimamva kuti imanjenjemera pochokera kumudzi itanyamula matumba atatu a makala, onse atamangidwa kumapeto kwa kaliyala, kupitirira tayala lakumbuyo. Kulemera konse kukapita kumeneko, tayala lakutsogolo limangokhudza pansi, ndipo kabampu kakang'ono kamayambitsa handulo kupukusa. Mwini njinga yotere sindimulipiritsa. Ndimamuuza asendeze katundu pafupi ndi msana wake, awonjezere mpweya kumbuyo, akwezenso mashoko, ndipo thumba lachitatulo alibwerere. Za mpweya ndi mashoko amamva. Za thumba amangoseka.