Mtsikana Amene Adazungulira Dziko pa Njinga Yamoto

Amayi anzanga, makamaka inu amene mumakhala m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Songwe kudzera ku Karonga, Chitimba ndi Chiweta, mwina mudaonapo alendo ena akudutsa pa njinga zamoto zolemedwa ndi mabokosi, fumbi lili mbuu thupi lonse, tenti atamangirira kumbuyo. Ena a iwo amakhala ali pa ulendo wochokera ku Cairo kunka ku Cape Town, ndipo dziko lathu amangolidutsa. Akaima pa golosale navula chipewa chawo cholimba chija, nthawi zina mumadzidzimuka poona kuti ndi munthu wamkazi, ali yekhayekha. Apo mafunso amabwera okha: kodi kwawo adamulola bwanji? Nanga usiku amagona kuti? Akadwala amamusamala ndani?

Sabata ino tiyeni titsatane ndi mmodzi wa akazi otere, Elspeth Beard wa ku London, amene adazungulira dziko lapansi kuyambira 1982 mpaka 1984. Iye sadadzere kwathu kuno, koma ulendo wake ukuyankha mafunso onse atatu.

Elspeth adabadwa mu 1959. Pamene adali ndi zaka 23 adali pakati pa maphunziro a kalembedwe ka mapulani a nyumba, ndipo mnyamata amene adali naye pa ubwenzi adali atangomusiya. Tonse timadziwa zimene mtima wosweka umachititsa. Wina amabwerera kwa amake kukalira masabata awiri. Uyu adagwira ntchito m'nyumba yogulitsiramo mowa mpaka adasunga mapaundi pafupifupi 2,500, nakweza njinga yake m'sitima ya pamadzi yopita ku New York. Njingayo idali BMW R60/6 ya 1974, yogula kwa munthu wina itayenda kale ndithu. Adalembera makalata anthu ena opanga zipangizo ndi olemba magazini a njinga zamoto kupempha chithandizo, koma ambiri sadayankhe, ndipo amene adayankha adachita ngati akumuseka. Mu Okutobala 1982 adanyamuka.

Za ku America sitichedwapo, pakuti misewu yake njosalala ndipo mafuta sasowa. Adakwera mpaka ku Canada, natsika kummwera kukafika ku Mexico, kenaka nakhotera ku Los Angeles, kumene adakwezanso njinga m'sitima yopita ku Sydney. Koma m'chigawo chimenechi ndimo adaphunzira moyo wa munthu wogona m'njira, ndipo pano mpoyenera kuti tiufotokoze, chifukwa ndi umene ambiri a ife timauopa.

Woyenda yekha pa njinga sadikira kuti kude. Dzuwa likapendeka amayamba kuyang'ana malo ogona, kaya pabwalo lolipira lokonzedwera a matenti, kaya patchire pobisika, kutali ndi maso a odutsa pamsewu. Amayang'ana ngati pansi mpouma ndiponso ngati si njira ya madzi mvula ikagwa usiku. Amakhoma tenti, nayatsa kachitofu kakang'ono, naphika m'kapoto kamodzi kamene kali mbale yomwe. Mmawa, asadamwe ndi tiyi yemwe, amaona mafuta a injini, mpweya wa m'matayala ndi mabawuti amene akhwefuka ndi mabampu a dzulo. Taganizani inu amene posamuka mumadzaza ngolo ndi mitondo, madengu ndi mphasa: nyumba yonse ya munthu ameneyu, khitchini ndi chipinda chogona, iyenera kukwana kumbuyo kwa chishalo. Chilichonse chimene wanyamula mopitirira chimadzamulanga pamchenga, pamene njinga yagwa ndipo palibe womuthandiza kuidzutsa.

Ku Sydney adafika ndalama zitatsala pang'ono kutheratu. Adapeza ntchito mu ofesi ya olemba mapulani a nyumba, nagwira miyezi isanu ndi iwiri. Nthawi yomweyo adadzipangira yekha mabokosi onyamulira katundu, otsekeka ndi loko. Adagula aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija amapangira mapoto, nachidula, nachipinda, nachilumikiza monga amachitira amisiri athu osula ndowa ndi mbaula kumsika. Ine ndikamva za ulendowu, apa ndi pamene pamandigwira mtima koposa malo onse okongola amene adaona. Ulendo wa zaka ziwiri udaima miyezi isanu ndi iwiri kuti mwini wake apeze ndalama ndi kukhoma mabokosi.

Tsono tifike ku Australia weniweni, wa kumtunda kutali ndi nyanja. Dzikolo ndi lalikulu kotero kuti Malawi angalowemo kopitirira ka 60, koma anthu ake ambiri adaunjikana m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja. M'kati muli chipululu cha dothi lofiira, tchire lalifupi ndi ntchentche zosatopa. Misewu yambiri ya m'katimo masiku amenewo idali ya dothi, yokumbika mizeremizere ngati lata, yogwedeza munthu mpaka mano. Madzulo nyama za kangaroo ndi ng'ombe zosakhala m'khola zimatulukira pamsewu mosayembekezeka, ndipo malole aatali okoka ngolo zingapo amadutsa ndi fumbi lotseka maso.

M'chigawo cha Queensland, pa msewu wina wa dothi, njinga idamugwetsa koopsa. Adavulala m'mutu nagona m'chipatala masabata awiri, ndipo chimene chidapulumutsa moyo wake ndi chipewa cholimba chimene adavala. Amayi, mawu awa ndikunena ndi inu amene mumakwera kabaza wa njinga yamoto popita kumsika kapena kusikelo, mwana ali kumbuyo, mutu uli ndi duku lokha. Duku ndi ulemu, koma silitchinga mwala.

Atachira sadabwerere kwawo. Adalowa m'kati mwa chipululu kukaona thanthwe lalikulu lija limene pa nthawiyo ambiri ankalitcha Ayers Rock. Dzina lake lenileni ndi Uluru. Ndi mwala umodzi wofiira wotalika mamita 348, woima wokha pachigwa chosalala, ndipo umasintha maonekedwe dzuwa likamalowa. Kwa eni dziko, anthu a mtundu wa Anangu, ndi malo opatulika. Boma lidawabwezera malowo mu 1985, ndipo kuyambira 2019 kukwera pamwamba pake nkoletsedwa. Kuchokera kumeneko adatsikira kummwera nadutsa chigwa cha Nullarbor, dzina limene m'Chilatini litanthauza kuti kulibe mtengo. Pa msewu wodutsa m'dera limenelo pali chigawo cha makilomita 146 chopanda kukhota ngakhale kamodzi. Kumeneko mdani wa woyendetsa ndi tulo ndi maganizo ake omwe, pakuti tsiku lonse akumva kulira kwa injini kokha, ndipo palibe woti amufunse kuti, "Mwaswera bwanji?"

Ku Perth adakweza njinga m'sitima kachitatu, yopita ku Singapore, iye nadzera ku zilumba za Bali ndi Java. Ndipo mu Singapore, mzinda waukhondo ndi wadongosolo, osati kutchire kumene ife tikadamuopera, ndimo mbala zidamubera chikwama. Mudapita pasipoti, zilolezo zolowera m'maiko a kutsogolo ndi mapepala a njinga. Mapepala a njingawo musawaone ngati chinthu chaching'ono. Woyenda ndi galimoto kapena njinga m'maiko ambiri amanyamula kabuku kotchedwa carnet, kamene kamadindidwa polowa ndi potuluka, kotsimikizira boma kuti sadzagulitsa njingayo m'dziko lawo mozemba msonkho. Popanda kabuku kameneka njinga imatsala pachipata. Zidamutengera masabata asanu ndi limodzi kuti apezenso zonse, ndalama zili kutha. Masiku amenewo kudalibe foni ya m'manja kapena intaneti. Makalata ochokera kwawo ankakawafunsa ku positi ofesi ya mzinda waukulu, kumene ankasungidwa m'dzina lake, ndipo nkhani za kumudzi ankazimva zitagonera.

Adadutsa Malaysia nalowa mu Thailand. Dziko la Burma silinkalola alendo kudutsa pamsewu, choncho adayenera kubwerera kummwera kuti akakwere sitima. Pobwererapo galu adathamangira pamsewu, iye namugunda, nagwa, navulala. Anthu amene adamutola adali banja losauka la m'mbali mwa msewu. Sankamva chinenero chake, iyenso sankamva chawo. Adamulowetsa m'nyumba, namusamala masiku angapo mpaka adatha kuimirira ndi kukonza njinga yake. Ndipo ndiwo imene ankamupatsa, monga adazindikira pambuyo pake, idali galu yemwe uja adamugunda.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwatukula kale nkhope. Komatu ngakhale kwathu kuno, wina amadya mbewa mnzake nkumanyansidwa, wina amakonda ngumbi mnzake osaziyandikira. Chimene ine ndikuona m'nkhaniyi ndi mayi wa panyumbapo, amene dzina lake sililembedwa m'mabuku a anthu otchuka. Mlendo wachilendo wagwera pakhomo pake, wamagazi, wosadziwika kwawo, ndipo iye akumupatsa malo ogona ndi nyama yokhayo imene idapezeka. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Ulendo wotchedwa wa munthu mmodzi umayenda pamsana pa amayi ambiri otere, otunga madzi, oloza njira, otsekula chitseko usiku.

Kuchokera ku Penang sitima idamutsitsa ku Madras, mzinda wa ku India umene kuyambira 1996 umatchedwa Chennai. Kuchipululu adavutika ndi kusowa anthu; kuno adavutika ndi kuchuluka kwawo. Paliponse pamene waima, khamu linkamuzinga, kugwira njinga, kumuyang'anitsitsa osaphethira. Pamsewu ng'ombe, ngolo, mabasi ndi malole zonse zinkalimbirana njira imodzi, ndipo wamng'ono ndiye ankapatuka. Adakwera mpaka ku Calcutta, nalowa m'mapiri a Nepal. Ku Kathmandu makolo ake adabwera pandege kudzamuona, ndipo adadzidzimuka ndi kuwonda kwake. Inu amene muli ndi ana aakazi, dziikeni m'malo mwa mayi ameneyo: mwamuona mwana wanu mafupa okhaokha, ndege yobwerera kwanu ilipo, koma iye akuti atsiriza ulendo wake pa njinga. Mukadatani? Walira mvula walira matope, inde, koma mwambiwu ngwosavuta kunena pamene mwanayo ndi wa mnzako.

Ku Kathmandu komweko adakumana ndi mnyamata wa ku Holland amene nayenso adali pa njinga ya BMW, ndipo mbali yaikulu ya njira yotsala adayenda awiri. Sizichotsa kanthu pa kulimba mtima kwake, pakuti chigawo chimene chidali kutsogolo chidali choopsa kuposa zonse. Mu Juni 1984 asilikali a boma la India adalowa m'kachisi wamkulu wa Asikh ku Amritsar, anthu ambiri naphedwa, ndipo chigawo cha Punjab chidatsekedwa kwa alendo. Tsoka lake, chipata cha pamsewu cholowera ku Pakistan chili m'chigawo chomwecho. Elspeth adayenda ofesi ndi ofesi ku Delhi kupempha chilolezo, osachipeza. Pomaliza adalemba yekha chikalata chooneka ngati cha boma, ndipo apolisi a m'njira adamulola kudutsa. Sindikuyamikira zimenezi, ndipo masiku ano wochita zotere angathere m'ndende, koma ndi mmene zidachitikira.

Atadutsa Pakistan adalowa mu Iran, dziko limene lidali pa nkhondo ndi Iraq kuyambira 1980. Adapatsidwa masiku asanu ndi awiri okha kuti alidutse lonse. Apo nkuti akudwala matenda a chiwindi, ofooketsa munthu mpaka kulephera kuimirira. Kudwala kunyumba, pamphasa pako, phala likubwera, ndi chinthu china. Uyu ankadzuka mmawa uliwonse kukwera njinga yolemera kuposa iye katatu, chifukwa tsiku lopumula padalibe. M'dzikomo lamulo linkafuna kuti akazi azifunda kumutu. Iye ankangokhala chivalire chipewa chake chija, chomwe chidamupulumutsa ku Queensland, ngakhale atatsika panjinga, ndipo anthu ambiri ankangomuyesa mwamuna.

Ku Turkey adapumula kuti mphamvu zibwerere, kenaka nadutsa maiko a ku Ulaya m'nyengo yozizira. Adafika ku London mu Novembala 1984, atayenda mamailosi 35,000, ndiwo makilomita pafupifupi 56,000.

Mwina mukuganiza kuti adamulandira ndi nthungululu. Ayi ndithu. Abale ndi anzake adamvetsera pang'ono, nabwerera ku nkhani zawo za masiku onse, ndipo olemba magazini sadafune kumva. Zimenezi zidamupweteka kwambiri, ndipo amayi amene adakhalapo kutali zaka zambiri, kaya ku Harare kaya ku Johannesburg, nabwerera ndi nkhani zodzaza mtima koma osapeza wozimvera, akudziwa ululu wake. Adatenga zithunzi, makalata ndi mabuku amene ankalembamo za tsiku ndi tsiku, naziika m'katoni, nazitsekera m'kabati. Zidakhala m'menemo zaka pafupifupi 30.

Adatsiriza maphunziro ake nakhala katswiri wa mapulani a nyumba. Mu 1988 adagula nsanja yakale yosungiramo madzi ku Munstead, m'chigawo cha Surrey, yotalika pafupifupi mamita 40, yosiyidwa kalekale, naisandutsa nyumba yake yokhalamo, ntchito imene idamutengera zaka zisanu ndi ziwiri. Katoni ija adadzaitsekula ali mayi wamkulu, ndipo buku lake lofotokoza ulendowu, lotchedwa Lone Rider, lidatuluka mu 2017, patapita zaka 33 chibwerere kwawo.