Moto wa Mwana wa Sukulu ndi Mapiri Athu

Teremu ikayandikira, m'makomo ambiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi timalemba zofunika mwana wa sekondale: fizi, makope, sopo, ufa, nyemba ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Pali china chimene sichilembedwa papepala koma chimafunika m'mawa ndi madzulo, ndicho moto. Ana athu ambiri amaphunzira m'sukulu zoyendera za CDSS, ndipo amene kwawo ndi kutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha. Aliyense ali ndi mafuwa ake kapena mbaula yake. Tikaphatikiza ana a pa Mponela, pa Madisi, pa Mvera, pa Malomo ndi pa boma la Ntchisi, motowu ndi wambiri, ndipo ukuchokera m'mapiri amene tikuwaona akuyera chaka ndi chaka.

Nkhalango ya Ntchisi ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zotsala m'dziko muno zomwe zimakhala zobiriwira chaka chonse. Ku Dowa tili ndi ya Kongwe. Kunja kwa malire a nkhalangozi mitengo yambiri inapita ku minda, ku zigafa za fodya, ku mauvuni a njerwa ndi ku makala. Phiri likayera, madzi a mvula salowa pansi. Amakokolola nthaka n'kupita nayo ku mitsinje ngati Bua, ndipo zitsime zimaphwa msanga. Woyamba kuvutika ndi mtsikana wa sukulu: nthawi yowerenga amaithera kukasaka nkhuni kutali kapena pamzere wa pa mjigo.

Mwana wa Fomu 2 sangaimitse galimoto ya makala. Koma poto wake ali m'manja mwake, ndipo n'pamene timayambira.

Ndiwo ya mwana wa sukulu ndi nyemba, ndipo palibe ndiwo yodya nkhuni ngati nyemba zouma. Zikanyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga. M'mawa ataye madziwo, athire ena, aziwiritse kwambiri, ndipo poto akhale wovindikira. Zikawira bwino kwa theka la ola, atha kuphula poto osavundukula, kumukulunga m'nsalu zakale kapena m'bulangete, n'kumuika m'dengu. Kutentha kumapitiriza ntchito iye ali m'kalasi, ndipo pobwera amangotsiriza ndi moto pang'ono.

Chachiwiri ndi pophikira. Pa mafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali, makamaka kuno kumene mphepo ya mwera siisowa. Mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba m'maboma ambiri, imasonkhanitsa moto pansi pa poto, ndipo timitengo tiwiri kapena titatu timakwanira. Imalandiranso zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, zinthu zimene pakhomo zimangotayika tikakolola. Thumba la zitsononkho lingapite limodzi ndi thumba la ufa. Ndipo ana anayi okhala mpanda umodzi akagwirizana kuphika poto mmodzi mosinthana, moto unayi umasanduka umodzi, atatu n'kupeza mpata wowerenga. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani ya moto ndi ya thanzinso. Nkhuni zaziwisi zimafuka kwambiri, ndipo utsi wake umayabwa m'maso ndi kuyambitsa chifuwa. Choncho nkhuni ziume, ndipo kuphika kuchitike panja kapena pakhonde. Choopsa koposa ndi makala. Mu Juni ndi Julaye, pamene kuno kumazizira kwambiri ndipo a Fomu 4 ali kalikiliki ndi mayeso, mwana amafuna kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, moti munthu amangogona osadzukanso. Ili timawauza ngati lamulo: mbaula sigona m'nyumba. Juzi ndi bulangete zimateteza moyo, ndipo sizidya mtengo. Powerenga usiku, kanyali ka sola kamaposa kandulo ndi tochi ya mabatire otaya, pakuti kamagulidwa kamodzi, dzuwa n'kuchita zotsalazo.

Zina ndi zazing'ono koma zimabwera tsiku ndi tsiku. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, komabe amaonekabe m'misika yathu, ndipo mbuzi zikawadya zimafa. Mwana wopita kumsika ndi kachikwama kosokedwa ndi chitenje chakale sasowa jumbo. Botolo limodzi lotsukidwa bwino limanyamula madzi akumwa teremu yonse. Masamba otsala m'makope akale akasokedwa pamodzi amakhala kope lochitira masamu. Madzi otsukira masamba ndi mbale, ngati alibe sopo wambiri, amathirira kabedi ka mpiru kapena bonongwe kuseri kwa nyumba, ndipo mwana amadya ndiwo zamasamba osatulutsa ndalama. Makoko ndi phulusa zikaikidwa m'kadzenje zimasanduka manyowa a bedi lomwelo.

Kuchepetsa kudula n'kwabwino, koma phiri lifunanso kubwezeredwa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo sukulu zambiri zimatulutsa ana kukadzala. Vuto limabwera mu Okutobala, pamene dzuwa, mbuzi ndi moto wolusa zimamaliza mbande zopanda mwini. Ife timauza mwana kuti mitengo iwiri yokha, yotchingidwa ndi yothiriridwa mpaka mvula ina, imaposa makumi asanu oiwalika. Mbande zimakula bwino m'mapaketi akale a shuga oboola pansi. Palinso njira yosafuna mbande: zitsa za mitengo yachilengedwe ngati msuku ndi mombo zimaphukira zokha. Ukasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kudulira zinazo, mtengo umakula msanga chifukwa mizu yake ndi yakale, ndipo zoduliridwazo ndi nkhuni. M'munda, msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, kotero suphimba chimanga koma umachipatsa chonde.

Zonsezi sitingazisiyire aphunzitsi. Mwana amachita ku lendi zimene anaziona pakhomo. Akaona amayi ake akunyika nyemba madzulo, bambo ake akusiya chitsa m'munda kuti chiphukire, sadzafuna kukumbutsidwa. Tchuthi ndiyo nthawi yake: mnyamata ndi mtsikana yemwe aphunzire kusonkha mbaula, kusoka kachikwama ndi kudulira mphukira.

Phindu lake mwana amaliona msanga. Ndalama imene ikanathera pa makala imagula cholembera ndi sopo, chifuwa chimachepa, ndipo nthawi yowerenga imachuluka. Phindu linalo limachedwa, koma ndi lakenso. Amene ali Fomu 1 lero adzakhala ndi khomo lake zaka khumi zikubwerazi, ndipo adzatunga madzi pansi pa mapiri omwewa. Mtengo umene wautchinga chaka chino udzakhala utafika pomupatsa mthunzi ndi nthambi zophikira.