Kachipangizo Koyesera Batire la Galimoto

Anzanga ambiri pasukulu pano amayesa kuti za magetsi zimene tiphunzira m'kalasi zimathera pa mayeso basi. Ine ndifuna kuwafotokozera za kachipangizo kena kokwana m'dzanja limodzi monga foni, kamene ndinaphunzira kugwiritsa ntchito pa tchuthi chapitachi pothandiza a malume anga, amene ali makaniko kwathu ku Dedza. Amakaniko amangokatchula kuti tesita, ndipo ntchito yake ndiyo kuona ngati batire la galimoto likali ndi moyo.

Poyamba tidziwe batire lenilenilo. Amene anayamba kupanga batire la mtovu ndi asidi ndiye Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859, ndipo n'zodabwitsa kuti mpaka lero magalimoto a petulo ndi dizilo amalizidwa ndi batire la mtundu womwewo. M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse chopereka ma volt 2.1, kotero kuti batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti moto watsala ngati theka, ndipo likatsika pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu.

Tsono pamene anthu amanyengekera ndi apa. Ma volt amangotiuza kuti batire ladzaza, koma sanena kuti likusunga mphamvu yochuluka bwanji. Taganizani za mtsuko umene pansi pake padzala matope. Madzi aoneka ali pakamwa, koma mukati muthire mupeza makapu awiri okha. Batire lokalamba, kapena limene lakhala masabata ambiri lopanda moto, limatero, pakuti mtovu wa m'kati umakutidwa ndi zinthu zolimba zoyera zimene sizisungunukanso. Mukalitchaja lifika 12.6 msanga zedi, nyali ziyaka, wayilesi ilira. Koma sitata, imene ifuna ma amp mazana angapo nthawi imodzi, ingoti khethe khethe osatembenuza injini.

Ogulitsa mabatire akale pamsika ali ndi njira yawo yoonetsera mphamvu. Amatenga waya n'kugunditsa mitu yonse iwiri ya batire, moto n'kuthetheka, ndipo amati, "Mwauona moto umenewo, bwana?" Ine njira imeneyi sindiikhulupirira ngakhale pang'ono. Batire lofooka nalonso limathetheka. Ndiponso batire limene langochotsedwa kumene potchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene ungaphulike ndi kamoto kakang'ono n'kumwaza asidi kumaso kwa munthu.

Tesita siitero. Muzimitsa injini ndi zonse za magetsi, mupala bwino mitu ya batire, kenaka mupanitsa chopanira chofiira pamutu wa + ndi chakuda pamutu wa −. Kachipangizoko kamayaka ndi moto wa batire lomwelo, ndipo kamafunsa nambala yotchedwa CCA imene ilembedwa pa batirepo. Nambalayi ndiyo kuchuluka kwa ma amp amene batire lingapereke kwa masekondi 30 pa chisanu cha −18°C osatsika pansi pa ma volt 7.2. Chisanu chotere sitichidziwa kuno, ngakhale ku Dedza kumene timadzitama nacho, komabe nambalayo ndi muyeso wabwino wa mphamvu imene batire linali nayo pochoka ku fakitale. Mabatire obwera ndi magalimoto a ku Japan kawirikawiri amangolembedwa zonga 55B24L, ndipo tesita ili ndi malo ake a JIS posankhira zimenezo. Mukadina batani, imatumiza timagetsi tochepa m'batiremo n'kuona kuti tikudutsa movutikira motani, ndipo m'masekondi owerengeka imalemba mphamvu imene yatsala. Ngati galimoto yangoima kumene, a malume amayamba ayatsa nyali mphindi imodzi kapena ziwiri kuti achotse moto wapamwamba umene umakometsera batire.

Tsiku lina kunabwera bambo wina amene amanyamula mbatata ya kachewere kupita nayo ku Lilongwe mbandakucha. Anali atapeza batire lakale pamsika, koma asanalipire anaumiriza wogulitsayo kuti apitire limodzi ku galaja. A malume anati, "Iwe, tenga tesita uyese wekha." Manja ananjenjemera pang'ono popeza anthu akuluakulu atatu anali kundiyang'ana. Ma volt anaonetsa 12.5, ndipo wogulitsa uja anayamba kumwetulira. Koma pa CCA, pamene batire linalembedwa 450, tesita inapeza 170 yokha, n'kulembanso m'Chingerezi kuti Replace. Wogulitsayo anati kachipangizoko n'kabodza. A malume sanakangane naye. Anangoika batirelo m'galimoto, nandiuza kuti ndiyang'ane nambala pamene iwo akuliza. Batire labwino siliyenera kutsika pansi pa 9.6 nthawi imeneyo. Ili linagwa mpaka 7, ndipo injini sinalire. Bambo wa mbatata uja anabweza ndalama zake m'thumba mwakachetechete. Ndinaganiza za matumba ake atakhala padzuwa m'mbali mwa msewu, ogula ku Lilongwe atapita kwa ena.

Nthawi zina tesita imaikira batire kumbuyo. Woyendetsa minibasi wina anafika atatsimikiza kuti batire lake lafa, ndalama zogulira latsopano zili m'manja. Tesita inati batire lili bwino, lingofuna kutchaja. Titaliza injini, m'malo mwa ma volt apakati pa 13.8 ndi 14.5 amene alternator yabwino imapereka, tinaona 12.3 basi. Lamba wa alternator ndiye anali atakhwefuka. A malume anamumanga ndi sipanala, ndipo batire latsopano silinagulidwe.

Anthu kwathu amati chisanu cha June ndi July ndicho chimapha mabatire. A malume amaseka akamva zimenezi, chifukwa kutentha ndiko kumawononga batire msanga, pouma madzi ake ndi kudya mtovu wa m'kati. Chisanu chimangoulula limene linafooka kale m'dzuwa la October. Linanso losakhalitsa ndilo batire la galimoto limene anthu amaonerera kanema kunyumba mpaka moto kutheratu usiku uliwonse, pakuti silinapangidwire ntchito yotero.

Sindinena kuti tesita siilakwa. Mukaipatsa CCA yolakwika ikupatsaninso yankho lolakwika, ndipo batire lopandiratu moto liyenera kutchajidwa kaye n'kuyesedwanso musanalitaye. Mitu ikakhala ndi dzimbiri loyera lija, nambala imatsika popanda chifukwa.

Ndikupempha a Kalabu ya Sayansi kuti alankhule ndi Aphunzitsi Akulu za kugula kachipangizo kamodzi kotere. Galimoto ya sukulu, imene imatengera odwala kuchipatala usiku, taikankha kale kawiri teremu ino, ndipo ine ndili wokonzeka kuonetsa aliyense mmene tingaiyesere Loweruka lililonse tikatha kuchapa.