Injini Imodzi Ikazima pa Chileka

Ndinakulira ku Matope, m'mbali mwa Shire, komwe ndege tinkangoziona zikudutsa m'mwamba ife tili ndi mbedza m'manja. Lero ntchito yanga ndi kuwerengetsera kulemera komwe ndege inganyamuke nako pa bwalo la Chileka. Ulendo uliwonse ndimauwerengera ngati kuti injini imodzi izima ndithu, pa nthawi yoipitsitsa.

Pali liwiro lomwe timalitcha V1. Injini ikazima ndege isanafike pa liwiro limeneli, woyendetsa amaponda mabuleki. Akangolipitirira, kuima kulibenso chifukwa msewu wotsala sungakwane. Anyamuke basi ndi injini yotsalayo. Lamulo limati ndege ya injini ziwiri izikwerabe mamita osachepera 24 pa kilomita iliyonse. Koma tikamayang'ana mapiri timachotsapo 8, kuti pakhale mpata wa zosayembekezereka, ndiye ndege yomwe yangokwanira lamulolo imatsala ndi 16. Ndipo chilichonse chili m'njira yake, kaya ndi mtengo wa bulugama kaya nsanja ya foni, iyenera kuchidutsa pamwamba ndi mafiti 35.

Tsono taonani Michiru. Phirili latalika pafupifupi mamita 700 kuposa bwalo, ndipo lili pafupi kwambiri. Pa mamita 16 pa kilomita, ndege ingafune makilomita oposa 40 kuti ifike msinkhu wake. Choncho sitilimbana nalo, timalizemba. Woyendetsa amadziwiratu asanalize injini kuti zikavuta akhotera kuti, pa mtunda wanji. Ndikatambasula mapu, maso anga amathamangira kotsika, ku chigwa cha Shire, kwathu kuja. Komanso sindiiwala kuti kutsidya kwake kwaima mapiri a Kirk Range, cha ku Neno.

Mdani wanga weniweni ndi Okutobala. Dzuwa likaswa mtengo mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, injini nayo imafooka. Ndege yomwe inanyamula zonse m'mawa singatero masana.

Tsiku lina lotere kompyuta inandiuza kuti talemera. Ndinabwereza ndi pensulo papepala, yankho lomwelo. Mafuta sitikanachepetsa, anthu anali atakhala kale m'mipando, ndiye tinatsitsa zikwama. Mayi wina anaona pawindo chikwama chake chikubwezedwa pangolo, chomangidwa ndi chitenje chofiira pa chogwirira. Anatuma uthenga kuti muli mpunga ndi chambo chouma cha mwana wake wa ku Joni, ndipo analira. Zinandikhudza kwambiri, pakuti amayi anga amamanga katundu chimodzimodzi akamachoka ku Matope. Komabe ndinasaina pepala lija osasintha nambala.

Chikwamacho ndinakachiona ndekha chikukwezedwa m'ndege ya m'mawa mwake, kunja kukadali kozizira.