Kuchoka pa Mfuti Kufika pa Jakisoni

Ife amene tidakulira kumudzi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tinkadziwa chiweto chimodzi chokha chokhala ndi dokotala, ndicho ng'ombe. Kwathu ku Chiradzulu ng'ombe zidali za mabanja owerengeka, komabe tsiku la dibi mudzi wonse unkalidziwa. Anyamata tinkalawirira mame ali gwaa kukusa ng'ombe za amalume, zikafika n'kumalumphira m'madzi onunkha mankhwala aja, kusambira mpaka tsidya, nkhupakupa n'kuthothoka. Avetenale ankaima potulukira ndi buku lawo, kuwerenga khola ndi khola. Wojomba ankayankha mlandu. Palibe ankakhala pansi kukambirana ngati kusambitsa ng'ombe kuli ndi phindu. Lidali lamulo la boma, ndipo nthawi ya Kamuzu lamulo silinkafunsidwa mafunso.

Galu ndi nkhuku, zomwe zinkapezeka pafupifupi pakhomo lililonse, zidalibe wozilabadira. Galu ankadya mkute, makoko a m'poto ndi zomwe watola kudzala. Ntchito yake idali kuuwa usiku ndi kuthamangitsa akalulu kuuzimba. Akachita chilonda ankamupaka oilo wakutha wa galimoto, ena ankamudula makutu ndi mchira ati kuti aziluma. Akakalamba ankazimirira yekha, ndipo womulira akadasekedwa mudzi wonse. Nkhuku nazo zinkadikira chitopa chaka ndi chaka. Ikangoyamba imodzi kuwodzera, mapiko ali lende, amayi ankasinja tsabola ndi phulusa n'kuthira m'madzi akumwa. Zikakanika, mpeni unkagwira ntchito. Sabata imeneyo tinkadya nyama mpaka kukhuta, zotsala n'kuthamangira nazo kumsika, komwe zinkakapatsira matendawo nkhuku za midzi ina.

Boma linkakumbukira galu pokhapokha kukabuka chiwewe. Uthenga unkadzera kwa amfumu kuti aliyense amangirire galu wake. Masiku otsatira kunkabwera amuna a mfuti, ndipo galu aliyense wopezeka akuyendayenda ankaomberedwa pomwepo. Ana tinkabisa athu kunkhokwe, ena kuthawira nawo kudimba. Mudzi unkakhala zii kwa miyezi ingapo, koma chaka chisanathe tiana ta agalu tinkadzazanso, tonse tosabayidwa katemera, ndipo chiwewe chinkabwerera. Mwana wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu adalumidwa pamwendo ndi kagalu kakang'ono, bala n'kupola bwinobwino. Patapita miyezi iwiri adayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, n'kumwalira. Pamaliro pake nkhani idali ya ufiti, ndipo agogo ena adatsala pang'ono kusamutsidwa m'mudzi. Za kagalu kaja palibe adazitchula.

Pofika m'ma 1990 ngakhale chisamaliro cha ng'ombe chija chidayamba kuzilala. Mankhwala a ulere adasiya kubwera, madibi ambiri adauma, malata n'kuzulidwa, mkati n'kumera udzu. Alangizi a ziweto adachepa moti mmodzi ankayang'anira dera loti sangalimalize pa njinga. Ife oyandikana ndi Mikolongwe, komwe amaphunzitsa alangizi a ziweto komanso komwe kudatchukira nkhuku zakuda zija, tinkatha chaka osaona mlangizi pakhomo. Tidazolowera kudikira boma, choncho tidadikira.

Thandizo litabweranso lidalowera khomo lina. Woyamba kundionetsa zimenezi adali mayi wina wa m'mudzi mwathu, woimba kwaya ya amayi, yemwe adasankhidwa pabwalo la amfumu kuti akaphunzire kutemera nkhuku. Katemera wake ndi uja amati I-2, wopangidwa kwathu konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake n'ngwakuti amapirira kutentha kuposa akatemera ena ndipo salira jakisoni: dontho limodzi m'diso la nkhuku, basi, katatu pa chaka. Mayiwo amakulunga kabotolo m'kansalu konyowa, kuika m'kadengu koti mphepo izipita, n'kuyamba ulendo kusanatenthe. Dzulo lake amakhala atauza makomo kuti asatsekule makola. Akafika, mwana wa pakhomopo amatulutsa nkhuku imodziimodzi, iwo n'kuipana m'khwapa, kupendeketsa mutu, kudontheza, kudikira kuti iphethire, kenako kuitaya pabwalo. Akamaliza amalemba m'kope chiwerengero cha nkhuku ndi dzina la mwini khola.

Poyamba anthu ankawaseka. “Mayi a kwaya, udokotala mwauyamba liti?” ankatero amuna ali pa bawo. Iwo ankangoyankha kuti, “Achimwene, tidzaonana chitopa chikafika.” Chitafikadi, makola amene adalandira dontho adatsala ndi nkhuku zambiri, a okana aja n'kutsala nthenga zokhazokha. Ulendo wotsatira omwe ankaseka aja ndiwo ankatuma ana kukawaitana.

Za agalu zidasintha mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, kenako ntchitoyo n'kufalikira ku Zomba ndi kwathu ku Chiradzulu. Nzeru yake idali yosiyana kotheratu ndi ya mfuti ija. Akatswiri adapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akatemeredwa, chiwewe chimasowa podutsa n'kuzirala chokha. Galu wotemeredwa ndiye amatchinjiriza mudzi, ndipo kumupha n'kutsekulira malo wina wosatemeredwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse amakhala ana osakwana zaka 15. Mayiko adagwirizana kuti imfa zimenezi zithe pofika 2030.

Tsiku la katemera pabwalo la sukulu yathu limayamba ndi phokoso. Obwera ndi agalu ambiri ndi ana, chifukwa kumudzi galu amamvera mwana amene amapita naye kosaka mbewa. Wina wamanga wake ndi luzi, wina ndi lamba wa yunifolomu, wina wanyamula tiana tinayi m'beseni pamutu. Mnyamata wa m'mudzi momwemo amakhala patebulo kufunsa dzina la galu, ndipo mayina ake amaseketsa mzere wonse: Taigala, Buluno, Zilikwanu, Mundiderera. Mlangizi amabaya, mnzake amapaka utoto pamphumi kuti galuyo adziwike, wina amalowetsa zonse mufoni, mwana n'kulandira chikalata. Chikalatacho amayi amakachisunga m'chikwama chomwe muli mabuku a kusikelo. Agalu amene sadafike amatsatiridwa khomo ndi khomo, ndipo wotsogolera njira amakhala munthu wa pomwepo, wodziwa kuti kuseri kwa chulu kuli nyumba ya agogo osatha kuyenda omwe ali ndi agalu atatu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Katemera amachokera kutali, koma popanda anthu a m'mudzi sangafike pa galu. Kagulu ka kwathu kali ndi anthu wamba: mayi a nkhuku aja, mphunzitsi wopuma ntchito, wakabaza mmodzi, achinyamata omaliza Fomu 4 omwe ntchito sadaipeze. Palibe amalandira malipiro. Ndiwo amakapempha amfumu kuti alengeze pamaliro, abusa kutchalitchi ndi ashehe kumzikiti. Ndiwo amalowa m'makalasi kuuza ana kuti galu akakuluma tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uuze akuluakulu, ndipo upite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti uone ngati lipole. Ndiwonso amalimbana ndi mphekesera. Alenje ena amakana, ati jakisoni amafoola galu, sathamanganso. Wa m'tauni atanena kuti limenelo ndi bodza, samveka. Koma akanena mlenje mnzawo, yemwe galu wake wa utoto pamphumi wagwira kalulu dzulo lomweli, nkhani imathera pomwepo.

Pali amene amati kusamala nyama ndi mwambo wa azungu, kuti munthu wogona ndi njala sangadandaule za galu. Ine ndaona zosiyana. Kwathu chifundo pa nyama sichidayambe ndi ulaliki wa chifundo. Chidayamba ndi mantha a kholo pa mwana wake komanso ndi nkhuku yogulitsa kuti papezeke ya kope ndi sopo. Koma munthu akanyamula galu wake mtunda wautali, kumutchula dzina pamaso pa anthu ndi kumusungira chikalata, zimamuvuta kuti madzulo ake amuponye mwala. Masiku ano pamakomo ambiri pali chigubu chodula chomweramo galu, chinthu chimene ubwana wanga wonse sindidachione. Galu wachilonda amamutengera kwa alangizi. Ena amafunsa okha za opaleshoni yoti galu wawo asamaswane chaka chilichonse, m'malo motaya tiana kumtsinje monga zinkachitikira kale. Mabungwe monga LSPCA, lomwe lidayamba mu 2008 ku Lilongwe, amafika m'midzi ya m'chigawo chapakati kukachiza ngakhale abulu okoka ngolo, amene makosi awo amanyuka ndi magoli opangira ng'ombe. Masiku ano pa 28 September, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse, ana asukulu amachita masewero a m'mene angapewere kulumidwa.

Komabe ntchito yodzipereka ili ndi polekezera. Mayi a nkhuku aja amayenda wapansi, ndipo kandalama kochepa kamene amalipiritsa pa nkhuku, koti akagulire botolo lina, ambiri amati adzapereka akakolola. Achinyamata amaphunzitsidwa bwino, kenako amapita ku Joni kapena ku Limbe kukasaka ganyu, gulu n'kuyambiranso. Ena amalowa poyembekezera alawansi ndi tisheti, akaona kuti palibe, amazemba. Chopweteka kwambiri n'choti wodzipereka angathe kuchita zonse molondola, kuperekeza mwana wolumidwa kukatenga kalata kwa avetenale, kufika naye kuchipatala, n'kuuzidwa kuti katemera wa anthu watha, akayese kwina. Pamenepo mawu ake amachepa mphamvu m'mudzi, ngakhale kulakwa si kwake. Kudzipereka kwa anthu sikuchotsera boma udindo wake wogula mankhwala ndi kulemba ntchito alangizi okwanira.

Mbali yathu nayo ilipo, ndipo njira yake timaidziwa kale. Adzukulu salipidwa, koma palibe mudzi umene umawasiya kumanda ndi njala. Nsima imapita, nkhuku imaphedwa, ulemu umaperekedwa. Otemera ziweto akuyenera kuonedwa chimodzimodzi. Mudzi wina wa kufupi ndi kwathu udayamba kale: pokolola, khomo lililonse limapereka mbale ya chimanga, amagulitsa, ndalama yake n'kukonzera njinga ya gulu ndi kugulira katemera wa nkhuku ulendo usanafike. Amfumu awo adalamulanso kuti galu wopanda chikalata akaluma munthu, mwini wake alipire thiransipoti ya kuchipatala ndi mbuzi pabwalo. Lamulo limeneli adalipangana okha, ndipo amalisunga kuposa mmene tinkasungira la dibi. Mabungwe amabwera ndi mapulojekiti a zaka zowerengeka, nthawi ikakwana amapita. Midzi imene idzapitirize kutemera ikadzatsala yokha ndi imene yayamba lero kudyetsa ndi kulemekeza anthu ake ogwira ntchitoyi.