Aphunzitsi amene ankatijambulitsa ndi makala ku Kalingalinga

Thumba la simenti ya Chilanga limakhala ndi mapepala angapo ophatikizana. Ukaling'amba bwino ndi lezala n'kulikuntha fumbi, pepala la pakati limatuluka losalala, lofiirira, ndipo makala amagwirapo bwino kuposa pa pepala loyera la m'sitolo. Zimenezi ndinaziphunzira mu 1982, ndili Giredi 6 ku Kalingalinga, kwa aphunzitsi amene mpaka lero ndikawakumbukira mtima umakhala m'malo.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira 1975, ndipo amayi athu ankalawirira mbandakucha kukaima pa mzere wa ufa, sopo ndi saladi. Ndani akanagulira mwana penti? Aphunzitsi ena ola la zojambula likakwana ankangoti tikasese pabwalo, poti phunzirolo silinkabwera pa mayeso a Giredi 7. Koma athuwa, amene anaphunzira za luso ku Evelyn Hone College, ankalowa m'kalasi Lachinayi masana atanyamula chitini cha makala, malasha monga timanenera kuno ku Lusaka, ndi timabotolo ta dothi losungunula: lofiira la m'mbali mwa msewu, lakuda la kudambo, loyera la phulusa la pambaula. Maburashi athu anali timitengo totafuna kunsonga ngati mswachi.

Tsiku loyamba anatiuza kuti aliyense ajambule nyumba. Ine ndinajambula imene ndinkaiona m'buku la Chingerezi: mawindo anayi, chumuni chotulutsa utsi, kanjira ka maluwa. Ndinapita nayo kutsogolo ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Iwo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu:

"Mwanawe, nyumba iyi ndi ya yani?"

Ndinasowa choyankha.

"Kwanu kuli chumuni?"

"Iyayi, aphunzitsi."

"Nanga padenga la kwanu pali chiyani?"

Ndinakhala m'nyumba imeneyo chibadwire, koma sindinkadziwa. Sanandikalipire. Anangoti ndipite ndikaone, ndidzawauze mawa. Madzulo ake ndinakwera pa mulu wa njerwa za aneba n'kuyang'ana. Panali malata asanu ndi limodzi, awiri adzimbiri, opsinjidwa ndi miyala khumi ndi umodzi kuti mphepo ya mu Ogasiti isawasasule. Panali tayala lakale, chigoba cha njinga ya malume, ndi lichero la amayi loyanikapo masamba a chibwabwa. Ndinajambula zonsezo, mwala uliwonse pamalo pake. M'mawa mwake anatenga pepalalo n'kulikhoma pakhoma ndi minga, pamene mwana aliyense wolowa ankaliona. Chisangalalo cha tsiku limenelo sindinachipezenso ngakhale pa tsiku limene ndinalandira malipiro anga oyamba.

Chikhulupiriro chawo chinali chakuti palibe mwana wosadziwa kujambula, alipo okha amene sanaphunzitsidwe kuyang'ana. Dzanja, iwo ankati, ndi kapolo wa diso. Cholembera chofiira sichinkakhudza chithunzi cha mwana. Akaona kuti mwendo wa mbuzi wapindikira kolakwika, ankakutuma panja kuti ukaione mbuziyo ikuyenda, ndipo cholakwacho unkachipeza wekha. Ndakula tsopano, ndalera ana ndi adzukulu, ndipo ndikuona kuti anali ndi nzeru zakuya. Mwana wa m'komboni amamva tsiku lililonse kuti zabwino zili kwina, ku Kabulonga, ku Woodlands, m'mabuku a azungu. Munthu wamkulu akamuuza kuti denga la kwawo n'loyenera kulijambula, wamuuzanso kanthu kena kokhudza iye mwini.

M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wamtali, wobwereza kawiri, amene kuwerenga kunkamuvuta kwambiri. Masiku ambiri ankathawa sukulu. Koma pa magalimoto a mawaya panalibe womuposa m'komboni monse. Anapanga basi ya UBZ yokhala ndi zitseko zotseguka, matayala a zivindikiro za polishi wa nsapato okulungidwa ndi malegeni, ndi chiwongolero chachitali chimene chinkakhotetsadi mawilo akutsogolo. Aphunzitsi anakumana naye panjira akuiyendetsa, ndipo anamupempha, kupempha kwenikweni monga umachitira kwa mmisiri, kuti abwere nayo Lachinayi. Anaiika patebulo pawo n'kutiuza tonse kuti tiijambule, mwini wake ataima pambali kutifotokozera mmene anapindira waya uliwonse. Ife amene tinkamuseka tinakhala chete kumvetsera. Kuyambira sabata imeneyo mpando wake sunakhalenso wopanda munthu, ndipo aphunzitsi anayamba kumuphunzitsa zilembo pomupinditsa A ndi B ndi waya womwewo.

Makolo ena sankakondwa nazo. Atate anga, amene ankagwira ntchito ya ulonda, ananena poyera kuti zithunzi sizidyetsa munthu nsima. Aphunzitsi atamva anabwera kwathu Loweruka, anakhala pa kampando pakhonde, n'kulonjerana ndi atate mwaulemu wa kwawo ku Katete. Sanatsutsane nawo. Anangotulutsa envelopu m'thumba, n'kuwaonetsa sitampu, n'kunena kuti masitampu ambiri a dziko lino anajambula ndi mayi wina, Gabriel Ellison, yemwenso anakonza mbendera yathu ya 1964. Kenako analoza chitenje chimene amayi anavala n'kufunsa ngati maluwa akewo anamera okha. Atate anaseka, nati, "Aphunzitsi, mwandigwira." Sanandiletsenso.

Ulendo umene sindiuiwala ndi wa ku UNZA. Sipatali ndi Kalingalinga, tinangoyenda wapansi, ambiri opanda nsapato, ngakhale kuti enafe tinali tisanapondepo mkati mwa yunivesiteyo. Anatiimika pa chiboliboli cha The Graduate, chimene anapanga Henry Tayali: munthu wovala mkanjo wa omaliza maphunziro, buku kudzanja lina, khasu kudzanja lina. Anatiuza kuti tichizungulire katatu tisanalankhule. Kenako anatifotokozera kuti wochipangayo anabadwira ku Serenje mu 1943, anakaphunzira ku Makerere ku Uganda mpaka ku Germany, ndipo panthawiyo ankagwira ntchito pa yunivesite pomwepo. Kwa ine chodabwitsa chinali chakuti chinthu chachikulu chotero chinatuluka m'manja mwa munthu wakuda ngati atate anga, wodya nsima yomweyi. Tayali anamwalira mu 1987, ndipo lero ku Showgrounds kuli nyumba ya zaluso yotchedwa dzina lake. Ndinapitako ndi mdzukulu wanga chaka chatha, ndipo ndinadzipeza ndikumuuza kuti ayambe wayang'ana asananene kanthu.

Ine sindinakhale wojambula. Ndine telala, ndipo zaka zonsezi ndikamayang'ana phewa la kasitomala ndisanatenge tepi, ndimadziwa amene anandipatsa diso limenelo. Aphunzitsi anasamutsidwa titamaliza Giredi 7, ndipo sindinawaonenso kuti ndiwathokoze. Mnzanga wa basi ya mawaya uja ndiye ndimamuona kawirikawiri. Ali ndi malo ake owotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, imvi zili mbuu, akupanga mageti a maluwa opindapinda amene anthu a kumayadi amabwera kudzagula. Tsiku lina ndinamupeza atagwada pansi ndi anyamata ake awiri, akuwajambulira geti pa thumba la simenti ndi kachidutswa ka makala.